Kiyi wa Mukelabai

Dambwa North, Livingstone
14 Okutobala 2024

Clifton mlongo wanga,

Uthenga unandipeza nditakwera pampando m'laibulale ya kusukulu, ndikubweza mabuku pashelefu yapamwamba. Ahedi anaima pakhomo osalowa, nati, "Ba Ada, tatsikani kaye." Ndinati ndatsala pang'ono kumaliza. Iwo anati, "Tsikani, mayi." Chiyambire ntchito sananditchulepo mayi. Ndinatsika buku lili m'manja, ndipo ndinafika nalo mpaka kuchipatala.

Ndayamba osakupatsa moni. Uli bwanji kumeneko? Kuzizira kwayamba? Tsiku lija pa foni ndinangolira, sunamve chilichonse cholongosoka. Mpaka pano ndikatsegula pakamwa mawu amathawa, ndiye ndikulemba papepala, ndijambula ndikutumizire.

Mlamu wako Mukelabai anagwa Lachinayi m'mawa pabwalo la loji ija ya ku Nakatindi, akutsuka galimoto yonyamula alendo. Adokotala akuti ndi mtima. Tinamuika Loweruka. Magetsi akuzima tsiku lonse masiku ano, kutentha kwa Okutobala kuno ukukudziwa, ndipo a kumochale anatilangiza kuti tisachedwe. Anthu a ku Maramba anabwera, a kutchalitchi anaimba. Kwawo kwa iye sikunabwere ngakhale mmodzi, ndipo ndicho ndakulembera.

Ndi nkhani ya Bolodi, tsamba lathu la pa intaneti lolengezerapo maliro, matenda ndi maubatizo. Ukukumbuka mmene tinalimangira patebulo la pabalaza, ine ndi iye tikulimbana, iwe utakhala pambali manja utapinda, ukuti kafukufuku wako ndi woona ngati anthu osaphunzira za makompyuta angadzimangire okha chinthu chotere. Ukukumbukanso chimene tinaikira makiyi awiri. Chaka chija wina anafalitsa kuti ba Muyoba amwalira, abale ananyamuka ku Mongu ndi ufa ndi nkhuku, n'kuwapeza akumeta ndevu pakhonde. Bungwe la maliro linagamula kuti uthenga usamatuluke mpaka avomereze anthu awiri, wina wa ife a makolo ochokera ku Malawi, wina wa Alozi. Anasankha ine ndi mwamuna wanga, amvekere tikasemphana tizikayambanira kwathu.

Lachinayi lomwelo masana ndinalemba uthenga wa imfa yake, mizere itatu monga mwa lamulo lathu, n'kudina kiyi wanga. Bolodi linandiyankha mmene limayankhira nthawi zonse: "Ukudikira Mukelabai."

Mawu ake achinsinsi sindiwadziwa. Foni yake inatsala m'galimoto muja, ndipo galimotoyo inapita ndi dalaivala wina ku Namibia ndi alendo, akuti ulendo wautali. Mkulu wake wa Mukelabai, ba Wamundila, ndinawaimbira kambirimbiri osawapeza. Mudzi wawo uli kuseri kwa Senanga, netiweki imangogwira pasukulu, pamene mphunzitsi wina amatsegula Bolodi n'kuwerengera anthu Lamlungu. Lamlungu limenelo anawawerengera za ubatizo. Za imfa anazimva kwa kondakitala wa basi, m'bale wawo ali kale m'manda.

Unditsegulire, Clifton. Sindikupempha kuti ubwere, ndikudziwa ndi kutali. Ungolowa mmene umalowera, utulutse mizere itatuyo. Undiuzenso za umoyo wako, ukudya kapena ayi.

Ndine chemwali wako,
Ada


Tampere, Finland
16 Okutobala 2024

Achemwali,

Moni. Ndawerenga kalata yanu ndili mu basi, ndinapitirira potsikira. Ine ndili bwino m'thupi. Kudya ndikudya. Pepani, achemwali, pepani kwambiri. Ndinayesetsa kuti ndibwere, koma chitupa changa chokhalira kuno chili m'manja mwa a boma, akuchikonzanso, ndipo ndikatuluka tsopano sindingalowenso kudzamaliza maphunziro. Ndimadana nacho chifukwa chimenechi, koma ndicho chilipo.

Tsopano za Bolodi. Ndalemba ndi kufufuta ndimeyi kangapo. Kiyi ndilibe. Mukumbuke tsiku limene ndinamaliza kafukufuku, ndinachotsa dzina langa pamaso panu nonse muholo ya tchalitchi. Alamu anaimirira, anati, "Mzungu wathu wapakira, dziko ni lathu manje," anthu n'kufa nazo kuseka. Sichinali chionetsero. Ndinachokadi. Mfundo yonse ya ntchito yanga inali yakuti wofufuza asasiye khomo lakumbuyo loti azilowerapo eni ake osadziwa. Zimenezo ndinazilemba, ndinakazikamba pamisonkhano, anthu anandiyamikira.

Pali choipa china. Kusintha wosunga kiyi nakonso kumafuna makiyi onse awiri. Maganizo amenewo anali anga, osati anu. Ndinkaopa kuti mbali imodzi ingadzachotse inzake pakabuka mkangano. Tinakhala miyezi tikuganizira za bodza, za ndewu, za foni yobedwa. Tsamba la maliro, koma palibe mmodzi wa ife amene anafunsa kuti nanga wosunga kiyi akamwalira. Ine ndiye ndinayenera kufunsa.

Ndalembera kampani imene imasunga tsambalo. Ayankha kuti iwo amangobwereketsa malo, za mkati sakhudza.

Njira imene ndikuiona ndi iyi. Mangani Bolodi latsopano. Zidutswa zake ndi zomwe zija, mukuzidziwa kuposa ine tsopano, ndi ntchito ya masana amodzi. Lembani uthengawo pamenepo, mutumize adilesi yake kwa mphunzitsi wa ku Senanga uja. Ba Wamundila ndi munthu wamkulu, adzamvetsa.

Ndani akukhala nanu m'nyumba? Kuntchito akupatsani nthawi yotani? Mundiuze zonse, ngakhale zimene mukuona ngati zosafunika.

Mlongo wanu,
Clifton


Dambwa North
3 Novembala 2024

Clifton,

Moni. Ndakhalitsa osayankha, ndimafuna ndikulembere zinthu zitayenda. Sizinayende. Ndikhulupirira uli bwino. Za chitupa chako zili pati?

Wafunsa amene akukhala nane. Ndi azakhali athu aja, a Pamela. Abwera ndi mphasa yawo ndi wailesi yawo, ndipo akundisunga monga mmene amayi awo ankasungira anamfedwa. Ndavala zakuda, duku kumutu. Sindipita kuntchito kapena kumsika, sindiphikira munthu, sindipereka moni wa padzanja. Kutchalitchi ndimakhala kumbuyo n'kutuluka nyimbo yomaliza isanathe. Zonsezi zidzatha tsiku limene akuchimuna adzabwere kudzandisudzula, kundivula zakudazi ndi kunena pamaso pa anthu kuti alibe nane mlandu. Ahedi akuti ndisade nkhawa, koma anafunsa kawiri kuti mwambowo udzakhala liti. Ndawerenga zambiri za akazi amasiye a m'maiko ena, ena otsekeredwa zaka, ndipo ndinkawamvera chisoni ngati anthu akutali. Sindinkadziwa kuti chovuta si khoma. Mpanda wathu ndi wofupika, ndimaona minibasi zikudutsa, ana anga a kusukulu akundibayibitsa.

Bolodi latsopano ndinamanga. Unanena zoona, ndi ntchito ya masana amodzi. Mphunzitsi uja anawawerengera, ndipo ba Wamundila anayenda mpaka pasukulu kudzandiimbira. Ndikulembera mmene analankhulira.

"Mulamu, batate banalembewa pa Bolodi. Bamai banalembewa pa Bolodi. Mukelabai ni galu kuti mumulembe pa kapeji kanu kamene mwapanga mweka?"

Ndinati, "Alamu, Bolodi silitseguka popanda kiyi wake."

"Imwe na iye munali kugona nyumba imozi. Mufuna niuze bantu kuti mukazi saziba kiyi ya mwamuna wake? Munamushika mu manda mwamusanga monga mwaba. Manje pa Bolodi zii. Ngati anafa bwino, mubisa chani?"

Ndinawapempha kuti Alozi akhale pansi asankhe wina wosunga kiyi, mwina tingapeze njira. Anaseka pang'ono, osati mwachipongwe, anati, "Tizasankha bwanji wolowa pamalo pa muntu wamene sitinauziwe kuti anafa?" Kenaka netiweki inaduka.

Usawaweruze msanga. Kale akanatumiza munthu wapansi kukagwada pakhomo pawo ndi uthenga. Ndife tinawaphunzitsa kuti Bolodi ndilo mthenga tsopano, kuti chimene sichinadutse makiyi awiri ndi mphekesera. Anatikhulupirira.

Mauthenga a anthu ena akungounjikana. Ndimawaona ndekha, onse akudikira. Amayi ake a Lonah, woyandikana nafe uja, anamwalira sabata yatha, ndipo kumanda kunali anthu ochepa ngati maliro a mlendo. Lonah sanandinene. Anangobwera kudzatenga mipando imene anatibwereka.

Tsopano imva ichi. Dzulo dalaivala uja wabwera ndi foni ya Mukelabai, itakulungidwa m'nsanza yopukutira galasi. Ndaitchaja kwa Lonah, iwo ali ndi sola. Ilibe loko, ukudziwa mlamu wako ankati loko ndi wa anthu a zibwenzi. Bolodi latseguka lokha m'dzina lake. Uthenga wanga uli pamwamba, batani lobiriwira lili pansi pake.

Sindinadine. Ukudziwa kuti pansi pa uthenga uliwonse pamalembedwa maina a ovomereza ndi tsiku lake. Padzalembedwa kuti Mukelabai wamwalira, ndipo pansi pake, "Wavomereza: Mukelabai," patapita masabata atatu ali m'manda. Ba Wamundila adzati ndinali naye kiyi nthawi yonseyi. Ena adzanena zoipa kuposa pamenepo, ukuwadziwa anthu. Koma ngakhale pakanapanda onsewo, ine chala changa chikukana. Kumusainitsa imfa yake yomwe, ngati kuti ndamufunsa ndipo wati inde.

Kodi palibe njira yobisira dzinalo kamodzi kokha? Ndiyankhe msanga.

Ada


Tampere
4 Novembala 2024

Achemwali,

Moni, moni! Kalata yanu yandidzutsa mtima. Foni yapezeka, ndiye kuti nkhani yatha! Musaizimitse, musatulukemo mu Bolodi, musalole munthu aiseweretse.

Dzina silingabisike. Tinachita dala kuti lisamabisike, pakuti mphamvu yonse ya Bolodi ili pamenepo. Mukhoza kuyamba ndi kusamutsa kiyi kupita kwa munthu wina, koma nazonso zidzaoneka poyera kuti Mukelabai wapereka kiyi tsiku lakuti. Kulikonse mungalowere, dzina lawo lituluka kamodzi. Ndiye ingodinani. Ndi makina chabe, achemwali, sadziwa kuti wagwira foni ndani. Pambuyo pake mulembe uthenga wachiwiri wofotokoza mmene zinayendera. Anthu alankhula sabata imodzi n'kuiwala.

Pali china. Ndinawafotokozera aphunzitsi anga amene akuyang'anira ntchito yanga, chifukwa anaona kuti sindili bwino. Anakhudzidwa kwambiri. Akuti zimene zikukuchitikiranizi sizinalembedwepo mokwanira, ndipo zingathandize ena amene akumanga masamba otere kuti asagwe m'dzenje lomweli. Kodi mungalole kuti ndizisunga makalata anu, ndi kulemba za mmene anthu alandirire mukadina? Maina ndidzasintha. Ngati n'kotheka muzindiuza amene wanena chiyani, ndi mawu ake enieni.

Chitupa sichinatuluke. Mundidziwitse mukangodina.

Clifton


Senanga
19 Novembala 2024

Kwa mulamu wanga Ada,

Nakupasani moni. Muli bwanji na ba Pamela? Ine nili bwino, koma mendo yavimba na kukhala pa msika. Kalata iyi nampasa kondakita, pamozi na tunsomba tuli mu pepa. Ngati tunsomba tufika tochepa, muniuze, nimuziba nyumba yake.

Ni ine Mbaita, mukulu wake wa Mukelabai na Wamundila bonse. Chinyanja changa ni cha mu Maramba mwamene ninakulira, osati chanu cha mu buku, muzavutika nacho koma muzamvera.

Sininabwere ku malilo chifukwa sininazibe. Ninamvera pa msika, nili kupima nsomba, muntu akamba monga akamba za mutengo wa sopo. Ninakhala pansi mu matika, chitenge chonse matope. Ichi sinizaibala, mulamu, olo munipase chifukwa cha bwanji.

Kuno nkhani yafika kuti foni inabwera. Uja draiva ali na kamwa. Wamundila akuti mwaona, foni ali nayo, nanga alindira chani. Akuti muna mantha chifukwa muziba chamene chinadya mufana wathu. Banakhala pansi bamuna Sondo, bakuti kulibe wamene azayenda ku Livingstone. Ine sibananifunse, banangonituma kupika.

Manje mverani. Iyo foni musaigwire. Musaipase ba Pamela, musaipase ba mfundisi ba ku chalichi, musaipase na uja mulongo wanu wa ku Bulaya wamene anatipangira ivi vintu. Ni katundu wa mufana wanga. Nizabwera neka nikagulisa nsomba zamene nili nazo, kumayambiriro kwa Disemba. Munisungire, nifuna niipeze mwamene anaisiyira.

Nifunsako, anali kudwala? Anakambako kuti mu chifuba mubaba? Uja muntu kuchokera ku umwana sakamba. Anathyoka kwanja ali na zaka zochepa, anabisa mpaka usiku. Munilembere, olo musalembe, nizamvera nikabwera.

Ni ine,
Mbaita


Tampere
28 Novembala 2024

Achemwali,

Moni. Ndikudziwa chifukwa chimene mwakhalira chete. Ndawerenganso kalata yanga ija ndipo ndachita nayo manyazi. Munandiuza kuti chala chikukana, ine n'kukuyankhani za makina. Kenaka ndinakupemphani kuti muzindisonkhanitsira mawu a anthu, inu muli m'zakuda. Aphunzitsi anga ndawauza kuti nkhaniyo ayiiwale.

Kuno dzuwa likumatuluka mochedwa n'kulowa anthu asanaweruke. Ndimatsegula Bolodi m'mawa uliwonse. Pamwamba padakali za ubatizo zija.

Azakhali anandiimbira, akuti kukubwera ba Mbaita kudzatenga katundu, ndipo inu mwayamba kale kulongedza. Ndi zoona? Musapereke nyumba, malamulo ali mbali yanu. Ngati simukufuna kundilembera zambiri, lembani mzere umodzi wokha kuti muli moyo.

Mlongo wanu,
Clifton


Dambwa North
15 Disembala 2024

Clifton mlongo wanga,

Moni. Ndili moyo. Mvula yagwa kawiri, fumbi lagona. Ndinakwiya nawe, ndi zoona, koma mkwiyo unatha kale, chinatsala ndi ulesi wogwira cholembera. Iwe uli bwanji mumdima wakowo? Chitupa?

Ba Mbaita anafika Lachiwiri masana, chikwama pamutu, miyendo itatupadi. Ine ndinali nditamva kalata yawo mmene anaimvera azakhali, kuti akubwera kudzalanda. Zovala za Mukelabai ndinali nditazichapa ndi kuzipinda m'masutikesi, njinga nditaipukuta, foni pamwamba. Analowa, tinalira, anamwa madzi. Kenaka anayang'ana masutikesiwo.

"Ivi ni vichani?"

"Ndi katundu wa m'bale wanu, alamu."

"Nanga ine nizavala mabuluku? Chosani apa, nifuna poika mendo."

Anandifunsa za matenda ake. Ndinawauza kuti sanadandaulepo, kupatula kuti masiku omaliza ankakhala pansi akamamanga nsapato. Anagwedeza mutu, anati ndi yemweyo. Atatero anatuma azakhali kukaitana Lonah ndi mkulu wa mpingo, ba Ezra. Azakhali ananyinyirika kuti iwo si mtsikana wotumidwa, koma anapita.

Onse atakhala, ba Mbaita anati ndiwapatse foni. Anaigwira patali, maso awo ndi ofooka, n'kundiuza kuti ndiwerenge mokweza zimene ndinalemba. Ndinawerenga. Anati, "Yasila? Muntu wa zaka zonse izi, mizere itatu?" Ndinati ndilo lamulo la Bolodi. Anati, "Lamulo ya mulongo wanu wakaso, woumira na mau." Ba Ezra anatsokomola kubisa kuseka.

Kenaka anandifunsa chimene sindinadinire. Ndinayamba kufotokoza za ba Wamundila. Anandidula. "Siyani Wamundila. Imwe." Ndinati sindikanatha kumuvomerezetsa. Anaika foni pamwendo n'kutembenukira kwa anthu aja.

Anati, "Ba Ezra, ba Lonah, ba Pamela, onani kwanja yanga. Si ya Ada iyi. Uyu mwana Mukelabai nine ninamugwira kwanja polemba zina yake siku yoyamba ku sukulu, anali kulira. Nizamugwira futi lelo." Anandifunsa podina. Ndinawalozera. Anaphonya koyamba, chala chawo ndi chokhakhala ndi mchere wa nsomba, foni sinamve. Anachipukuta pachitenje n'kudinanso.

Unaona wekha zimene zinatuluka, sindikubwerezera. Ine sindinayang'ane tsiku limenelo. Anapitiriza kudina mauthenga onse amene ankadikira, umodziumodzi, ine ndikuwerenga maina. Titafika pa amayi ake a Lonah, Lonah anatuluka panja.

Ndinalemba uthenga wofotokoza monga unanenera, ndi maina a mboni. Sunathandize kwenikweni. Nawonso unatuluka ndi dzina lake pansi. Ku Maramba ena akuti Bolodi lalowa mizimu, ndipo mabanja angapo auza ba Ezra kuti maliro awo asadzalembedwepo. Ba Wamundila anaimba Lachisanu. Sanafune kulankhula nane, analankhula ndi mlongo wawo m'Chilozi, ndipo ndinamva zokwanira. Akuti tsopano auzidwa, avomera. Koma akuti ife akazi awiri tadzutsa wakufa kuti atichitire umboni, ndiye sabwera, ndipo Alozi a kumudzi sasankha wosunga kiyi wina mpaka nkhaniyi ikambidwe pabanja madzi akadzaphwa m'dambo. Kumeneko ndi kunena mwezi wa Juni kapena kupitirira. A kuno ku tauni akuti sangadumphe akumudzi.

Ndinawauza ba Mbaita kuti tingosamutsira kiyi m'dzina lawo. Anakana. Akuti kugwira dzanja la mng'ono wawo ndi udindo wawo, koma kukhala pampando wake popanda kusankhidwa ndi kuba. Foni apita nayo ku Senanga. Uthenga ukabwera ndimadina kuno, iwo amadina uko akapeza netiweki, nthawi zina patapita tsiku.

Asananyamuke anandivula duku pamaso pa azakhali, n'kundipatsa dzanja. Anati zimenezo zikwanira kuti ndibwerere kuntchito sukulu zikatsegulira, ndipo wofunsa akafunse iwo. Diresi lakuda anati sangalikhudze, limenelo ndi la amuna a pabanja. Azakhali anatsutsa kuti mwambo sudulidwa pakati ngati chinangwa. Ba Mbaita anati, "Ba Pamela, imwe muzamulipira ndimwe ba hedi bakamuchosa nchito?" Azakhali apinda mphasa yawo dzulo, abwerera kwawo ku Maramba, wailesi andisiyira.

Za kulemba zija, usawauze aphunzitsi ako kuti aiwale. Lemba. Pali ena kwinakwake amene akhala patebulo kumanga chawo, ndipo akuganizira za bodza ndi za ndewu. Koma udikire kaye, ndipo usanditume kukatolera mawu a anthu. Ndidzakuuza ndekha zimene ndingathe.

Mmene zilili tsopano ndi motere. Mutu wanga uli pamtunda, thupi lidakali m'zakuda. Kumsika ndimapita, kumaliro a anthu sindinayambe. Bolodi likugwira ntchito, anthu ake achepa. Dzulo kwamwalira mwana wa ku Nakatindi, ndipo uthenga watuluka lero m'mawa, pansi pake pali dzina langa ndi la Mukelabai.

Ndine chemwali wako,
Ada